Tinatsala pang'ono kukwirira giyabokosi yamoyo

Tsiku limene galimoto ya adada inakana kuyenda ndinali momwemo, pampando wakutsogolo, jumbo ya usipa ili pamiyendo. Munali mu Disembala 2023, nditangofika kumene kuchokera kusukulu ku Mzuzu. Tinanyamuka pasiteji pa Uliwa dzuwa litakwera kale, ulendo wa ku Karonga boma, anthu titadzaza ndipo kumbuyo kuli matumba atatu a mpunga. Tisanafike pa Ngara, pamalo pamene msewu umakwera pang'ono, injini inayamba kulira mokweza ngati tili pa liwiro lalikulu, koma galimoto ikuyenda ngati ngolo. Adada anaponda moto, kulira kunakula, liwiro ayi. Kenaka munalowa fungo la chinthu chopserera.

Tinakhotera pambali. Anthu anatsika, aliyense akufuna ndalama yake, ndipo Sienta yoyamba kudutsa inawatenga onse pamodzi ndi mpunga wawo. Tinatsala awiri pamsewu. Adada anatsegula kumbuyo, natulutsa botolo la madzi akumwa lodzaza oyilo wofiira, nathira m'giyabokosi. Mmene ankachitira zinaonetseratu kuti si koyamba. Tinadikira kuti kuzizireko, kenaka tinabwerera ku Uliwa pang'onopang'ono, njinga zamoto za kabaza zikutipitirira.

Galimoto imeneyi ndi Toyota Corolla Fielder ya 2004, yotomatiki ya magiya anayi. Adada anaigula mu 2016 kwa munthu amene anaiitanitsa ku Japan, n'kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe, monga zimabwerera galimoto zambiri za kumpoto kuno. Ndi imene imandilipirira fizi, lendi ya kachipinda kanga ku Luwinga, ndi nsima imene ndimadya ndikamalemba zinthu ngati izi. Ikaima iyo, inenso ndaima. N'chifukwa chake ndikufuna ndifotokoze bwino zimene zinachitika, poti ndikukhulupirira kuti ambiri a ife amene tikuphunzira ndi ndalama ya galimoto, chigayo kapena boti tili pa ngongole imene sitikuidziwa.

Kwathu timayankhula Chitumbuka, ndipo adada ali ndi mawu awiri amene amatsekera nkhani iliyonse ya galimoto: “Yichali kwenda.” Ndiye kuti ikuyendabe. Kwa chaka chathunthu pansi pa galimotoyi pankamveka kugogoda, gu gu gu, nthawi zonse tayala lakumanzere likagwa m'dzenje. Msewu wa M1 kuchokera pa Chiweta kukafika ku Karonga aliyense amene anaudutsa m'zaka zimenezo akudziwa mmene unalili, maenje osawerengeka, kwinaku mathanki a mafuta ndi mathiraki a katundu akudutsa usana ndi usiku. Amama akadandaula za kugogodako, yankho linali lomwelo. Ine ndikafunsa chifukwa chake tayala lakutsogolo likutha mbali yam'kati yokha, yankho linali lomwelo. Yichali kwenda.

Mawa lake tinaitana makaniko wathu wa nthawi zonse, bambo wachikulire amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Anailiza, naika pa D, nadikira. Panapita kanthawi ndithu giya isanalowe, kenaka inalowa ndi chigugu. Ananunkhiza oyilo, napukusa mutu.

“Bwana, giyabokosi yapita iyi. Otomatiki ikayamba chonchi sakonza. Itanitsani ina.”

Anaimbira mnzake wogulitsa masipeya, ndipo mtengo umene tinamva unatikhazika pansi tonse. Kumbukirani kuti mwezi wapitawo, mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inali itagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera usiku umodzi. Giyabokosi yogwiritsidwapo kale ntchito, yopanda wotsimikizira kuti ili bwino, inkaposa ndalama imene ndimawononga kusukulu chaka chathunthu.

Usiku umenewo tinakhala pakhonde ndi asibweni, alongo awo a amama. Maganizo amene anapambana anali ogulitsa ng'ombe ziwiri zolimira. Mu Disembala, mvula itayamba, minda ya mpunga ikudikira pulawo. Amama sananene zambiri. Anangofunsa kuti chaka chamawa tidzadya giyabokosi kodi. Palibe anayankha, chifukwa tonse tinkadziwa kuti funso lenileni ndi lakuti: mwana apitirize sukulu kapena munda ulimidwe. Mwanayo ndinali ine, nditakhala pomwepo pampasa.

Ndinapempha masiku atatu. Ku Luwinga kuli mnyamata wina amene ndinkamuona akukonza galimoto pafupi ndi pamene ndimakhala. Anaphunzira kusukulu ya zaluso, n'kukagwirako ntchito m'galaja ina ku Johannesburg. Ndinamuimbira. Anavomera kubwera, koma anati tilipire thiransipoti yake komanso ndalama yofufuzira vuto, akonze asakonze. Adada atamva anakwiya.

“Ndilipire munthu chifukwa choyang'ana? Maso ndili nawo inenso.”

Ndinalipira ndekha, ndi ndalama imene ndinkasungira laputopu. Ndiulule kuti sichinali chikhulupiriro. Anali mantha chabe.

Mnyamatayo anafika ndi minibasi yam'mawa, atanyamula kachikwama ka masipanala ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero. Chodabwitsa, sanayambe ndi giyabokosi. Anazungulira galimoto, nakankhira pansi ngodya iliyonse n'kuisiya. Galimoto ya mashoko abwino imabwerera kamodzi n'kukhazikika. Yathu inkangodumphadumpha ngati bwato panyanja pa mwera. Anaikweza pa jeke, nagwira tayala lakumanzere pamwamba ndi pansi, naligwedeza, ndipo linavomera. Analowetsa chitsulo pamene mkono wapansi wogwira tayala umalumikizana ndi thupi la galimoto, ndipo labala wa pamenepo, amene amakaniko amati bushi, anali atang'ambika mpaka chitsulo kumagunda chitsulo chinzake. Ndiko kunali kugogoda kwa chaka chonse kuja.

Kenaka analumikiza kamakina kake. Sikanapeze cholakwika chilichonse. Adada anaseka.

“Mwaona? Kompyuta yanuyo sikuona kanthu, pamene galimoto sikuyenda.”

“Adada, imeneyo ndi nkhani yabwino,” iye anayankha. “Ndiye kuti zamagetsi zili bwino. Tiyeni tione pansi.”

Anandiitana kuti ndigone naye pansi pa galimoto, nandiunikira ndi foni. Pamene shafiti yopita ku tayala lakumanzere imatulukira m'giyabokosi panali ponyowa, fumbi litamatirira n'kusanduka phala lakuda. Anafunsa adada kuti akhala akuwonjezera oyilo kwa nthawi yaitali bwanji. Anayamba azengereza, kenaka anavomera kuti ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ankaganiza kuti galimoto yakalamba, yayamba kumwa oyilo.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu choyamba. Injini yokalamba ikhoza kuwotcha oyilo wake, koma giyabokosi siimwa oyilo. Akamachepa, ndiye kuti akutuluka penapake. Ndipo m'galimoto yotomatiki oyilo ameneyu si wongofewetsa zitsulo ayi. Galimoto ya manyuwo ili ndi kilatchi imene dalaivala amaponda. Yotomatiki ili ndi chinthu chozungulira chotchedwa torque converter, chodzaza oyilo, ndipo mphamvu ya injini imadutsa mu oyiloyo kuti ifike ku magiya. Mkatimo mulinso pampu imene imakankha oyilo yemweyo mwamphamvu kuti afinye timbale ta kilatchi tosintha magiya. Oyilo yemweyonso ndi amene amanyamula kutentha n'kupita nako ku redieta. Akachepa, pampu imakoka mpweya, mphamvu yofinyira imatsika, timbale tija timaterereka, kutentha kumakwera, oyilo wotsalayo amapsa. Kuchedwa kulowa kwa giya ndi kulira kwa injini kopanda liwiro kunkachokera pamenepo.

Nanga oyiloyo ankatuluka bwanji? Galimoto imeneyi imakoka ndi matayala akutsogolo, choncho shafiti iliyonse mbali ina ili m'giyabokosi, mbali ina ili ku tayala. Tayala likamayenda mwadongosolo, shafiti nayo imayenda mwadongosolo. Koma bushi atatha, ball joint itakhwepa, mashoko atafa, ndiponso labala wina wogwira injini ataphwanyika, dzenje lililonse la pamsewu linkagwedeza shafiti ija mopitirira muyeso. Labala wophimba CV joint yam'kati anali atang'ambika, girisi atatuluka, mchenga utalowa, jointiyo n'kuyamba kunjenjemera. Kalabala kozungulira kotseka oyilo pakhomo pa giyabokosi, kamene amati oil seal, kanapirira mpaka kanatopa. Kalabala kameneka n'kokwana m'dzanja, ndipo mtengo wake sufika ndalama imene galimoto imapanga pa tsiku limodzi labwino.

Panali chinanso. Mnyamatayo anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, nakapukuta, nandipatsa kuti ndiwerenge zolembedwapo. Panalembedwa mtundu wa oyilo wofunika: T-IV. Galimoto yakhala pakhomo pathu zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe anawerengapo, ngakhale ine wa ku yunivesite amene ndimawerengera anthu makalata m'mudzi. Oyilo wa m'botolo la madzi uja adada ankagula chifukwa ndi wofiira komanso wotchipa. Kufiirako ndi utoto chabe umene opanga amathiramo. Sikunena kanthu za zimene zili mkati.

Chiweruzo chenicheni chinali m'beseni la pansi pa giyabokosi. Analimasula, oyilo wakuda wonunkha n'kutuluka. M'besenimo mumakhala timaginito togwira zinyenyeswa za chitsulo. Anatipaka pachala, natiuza kuti tikaona tizidutswa tonyezimira ndiye kuti makaniko wathu ananena zoona, ng'ombe zipite. Panali phala lotuwa losalala lokha, la kutha kwa masiku onse. Anayang'ana adada.

“Yavulala, koma sinafe. Sindikulonjezani kuti ibwerera mwakale. Ndikulonjezani kuti ng'ombe zidikire kaye.”

Ntchito inatenga masiku asanu ndi anayi, ambiri mwa iwo odikira masipeya kuchokera ku Mzuzu. Anasintha oil seal, shafiti, sefa ya m'giyabokosi, labala wogwira injini, mabushi, ball joint ndi mashoko akutsogolo onse awiri, chifukwa shoko sasintha mbali imodzi. Oyilo anakhetsa n'kuthira watsopano katatu, pakati pake galimoto ikuyendako pang'ono, popeza ukamasula pansi amatuluka osafika ndi theka lomwe, wambiri amatsalira mu torque converter muja. Pomaliza tinapita nayo ku Mzuzu kukawongoletsa matayala pamakina. Pobwerera, potsika mapiri a Chiweta, ndinaona adada akuika giya pa 2 monga anawalangizira, kuti injini izithandiza mabuleki, m'malo mongoponda buleki mpaka kununkha.

Zonse pamodzi sizinafike theka la mtengo wa giyabokosi ija. Tinagulitsa matumba a mpunga amene amama ankasungira miyezi ya mitengo yabwino, ndi mbuzi imodzi. Ng'ombe zinalima. Ndipo chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti tikanagula giyabokosi ina ija, tikanaimangirira pa shafiti yomweyo, mabushi omwewo ndi botolo la madzi lomwelo. Ikanayamba kudontha ngati inzake, ng'ombe zitapita kale.

Tsopano ndinene maganizo anga, poti nkhani yokha siikwanira.

Choyamba, sindikufuna wina awerenge izi n'kunena kuti adada ndi osasamala. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo n'zoona, koma mwambi umenewu umakoma m'kamwa mwa munthu amene ali ndi ndalama m'thumba. Madzulo ena galimoto itakonzedwa ndinawafunsa chifukwa chake sanasinthe mabushi pamene kugogoda kunayamba. Sanayankhe msanga. Kenaka anayamba kuwerenga pa zala. Mwezi umene anafunsa mtengo wa mabushi ndi mashoko ndi mwezi umene ndinaimba kuti ndikapanda kumaliza fizi sindilemba mayeso. Ulendo wachiwiri ndalama itapezeka, mwini nyumba ku Luwinga anakweza lendi. Ulendo wachitatu mlongo wanga wamng'ono anasankhidwa kupita ku sekondale.

“Mwana wane,” anatero, “galimoto ikagogoda imapitabe ku Karonga. Iwe akakubweza pakhomo la mayeso, upita kuti?”

Ndiye “yichali kwenda” sanali mawu a umbuli. Anali mawu a munthu amene wawerengera, n'kusankha chimene chingadikire. Kulakwa kwake kunali kumodzi: sanadziwe kuti kudikirako kuli ndi chiwongoladzanja. Kuchedwetsa kukonza galimoto kuli ngati katapila. Lero wapuma, koma ngongole ikukula mobisika, ndipo mwini wake amabwera tsiku limene iwe ulibe kalikonse. Bushi anakongoza shafiti, shafiti inakongoza oil seal, oil seal inakongoza giyabokosi, giyabokosi inafuna ng'ombe. Ndipo amene anadya ngongoleyo poyamba ndine.

Chachiwiri, tili ndi chizolowezi cholipira chinthu chogwirika chokha. Munthu akabwera ndi sipeya m'manja timatulutsa ndalama mosavuta. Akabwera ndi mutu wake, n'kutha maola awiri akufufuza, timati sanagwire ntchito. Zotsatira zake n'zakuti makaniko amaphunzira kuti ndalama ili pa kusintha zinthu, osati pa kupeza vuto. Amasintha ichi, chikakanika asintha icho, mwini galimoto akulipira ulendo uliwonse. Ndalama yofufuzira imene adada anakana ija ndi imene inali yaphindu kuposa zonse zimene tinawononga. Kuchipatala timavomereza kuti ayambe atiyeza magazi asanatipatse mankhwala a malungo. Sindikuona chifukwa chake galimoto imene ikudyetsa banja lonse iziyamba ndi opaleshoni.

Chachitatu, sindikumunyoza makaniko wathu wa pansi pa mango. Bambo ameneyu wadzutsa mapikapu akale, injini za zigayo ndi za maboti zimene wina aliyense akanazitaya. Kilatchi ya manyuwo amaisintha ngakhale kutada. Vuto n'lakuti galimoto zinasintha iye ali pomwepo. Ku Japan, kumene amayendetsa kumanzere ngati ife, pafupifupi galimoto zonse zing'onozing'ono ndi zotomatiki. Lamulo lawo loyeza galimoto, limene amati shaken, limafuna kuti yatsopano iyezedwe pakatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo n'lodula, choncho ambiri amagulitsa galimoto zikadali ndi moyo. Zimenezo ndi zimene zimadzaza masiteji athu. Zinapangidwira misewu yosalala, ife timazipatsa maenje, kutentha kwa m'mbali mwa nyanja ndi matumba a kilombero. Ma Sienta ndi ma Freed ambiri amene mukuwaona ali ndi giyabokosi ya mtundu winanso, CVT, yoyendera lamba wachitsulo, imene imafuna oyilo wakewake. Za hybrid nazo zafika kale.

Munthu amene anaphunzira ntchito poyang'anira mbuye wake zaka makumi atatu zapitazo, zimenezi akaziphunzira kuti? Akakumana ndi bokosi limene sanalitsegulepo, yankho lotetezeka kwa iye ndi lakuti lafa. Si bodza, ndi malire a zimene akudziwa. Pafupi ndi kwathu pali Ngara Community Technical College, imene inatsegulidwa mu 2015, ndipo pamwamba paphiri pali Livingstonia Technical College. Ndikanakonda sukulu ngati zimenezi, pamodzi ndi TEVETA, zitaganizira maphunziro a milungu yochepa a amakaniko amene ali kale pantchito m'malo ngati Uliwa, Nyungwe ndi Chitimba: kuyeza oyilo wa otomatiki, kusiyanitsa mitundu yake, kuwerenga kamakina kofufuzira, ndi kudziwa pamene ayenera kunena kuti “izi zandipitirira, itanani wina.” Masiku amene mnyamata wa ku Mzuzu ankagwira ntchito, makaniko wathu ankabwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pambali, akufunsa mafunso. Iyeyo ndi amene anakhomerera mabushi atsopano, mwaluso loti mnyamatayo anaima n'kumaonerera. Chidwi chilipo. Chosowa ndi wowaphunzitsa.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zokamba za mwana wasukulu, vuto lenileni ndi msewu ndi kugwa kwa kwacha. Sindikana. Msewu wabwino ukanatalikitsa moyo wa mabushi aja, ndipo kwacha yamphamvu ikanachepetsa mantha a usiku uja pakhonde. Koma zimenezo sizili m'manja mwa adada mawa m'mawa. Zili m'manja mwawo ndi zazing'ono. Kuyang'ana pansi pamene galimoto yagona ngati padontha kanthu. Kuyeza oyilo wa giyabokosi galimoto itatentha, ili pamalo osalala, injini ikulira, giya ili pa P. Kuona mtundu wake ndi kumununkhiza. Kusalola anyamata a pasiteji kuikankha kuti ilire, chifukwa yotomatiki siilira chokankha, kapena kuikoka mtunda wautali pa chingwe matayala akutsogolo ali pansi, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo nayo yazima. Zonsezi n'zaulere.

Galimoto ija ikuyendabe mpaka pano, koma sinachire kwathunthu. M'mawa kukazizira giya imachedwa pang'ono kulowa, chizindikiro chakuti timbale tam'kati tinapsa ndithu tsiku lija. Mnyamatayo anatiuza poyera kuti ikhoza kutha zaka zingapo, ikhozanso kutigwetsa ulesi chaka chisanathe. Adada anachepetsa katundu, matumba awiri basi, ngakhale amalonda amadandaula. Amama anatenga chitini chakale cha mkaka, ndipo madzulo aliwonse amalandira kangachepe kuchokera pa ndalama ya tsikulo asanawerengere china chilichonse. Amati ndi chakhumi cha galimoto.

Ine laputopu sindinagule, ndimalembabe pa foni ndi pa makompyuta a ku laibulale. Koma ndinasintha kaimbidwe kanga ka foni. Kale ndinkayamba ndi moni, kenaka vuto langa. Masiku ano ndisananene za lendi ndimafunsa kaye ngati pansi pakumveka kanthu. Sabata yatha adada anayankha kuti kumbuyo kwayamba kaphokoso kakang'ono akadutsa pa bampu, koma yichali kwenda. Ndinawauza kuti lendi mwezi uno ndikambirana ndi mwini nyumba, iwo apite kaye pansi pa mango akaikweze pa jeke.